Nkhani zakale za chigololo zisabisidwe kwa ophunzira

Mkonzi,

Ndiloleni nditsutsane ndi makolo ena amene amati nkhani zifupizifupi zakale zokamba za chilakolako ndi zibwenzi zamseri n'zosayenera ana a sekondale.

M'chaka cha 1899 mlembi wa ku Russia Anton Chekhov anasindikiza nkhani yotchedwa "The Lady with the Dog", yokamba za Gurov, bambo wapabanja amene anakumana ndi Anna, mkazi wamwini, ku Yalta, malo opumulirako m'mbali mwa nyanja onga omwe tili nawo kuno ku Mangochi. Atagonana, Anna anagwidwa ndi chisoni nadziona ngati wonyansa, pamene Gurov, amene anazolowera kale khalidweli, anakhala phee n'kumadya chivwende. Chivwende chimenecho sindichiiwala, chifukwa chimandikumbutsa mwambi wathu woti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, umene ankhoswe ena amatonthozera nawo mkazi wolakwiridwa, chonsecho mkazi akachita zomwezo amalongedzetsedwa katundu tsiku lomwelo.

Kate Chopin wa ku America analemba mu 1898 nkhani yotchedwa "The Storm", yokamba za mkazi wapabanja amene anazembera mwamuna wake osalangidwa, koma nkhaniyo inadzasindikizidwa mu 1969, mwiniwake atamwalira kalekale.

Ndikupempha aphunzitsi anzanga kuti aziwerenga nkhani ziwirizi pamodzi ndi anyamata ndi atsikana m'kalasi limodzi.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mangochi