Inu a kampani yokonza nyumba, siling'i yathu ikudonthabe ndipo podonthera ndapapeza ndekha

Ndalemba pa peji yanu pano chifukwa foni simukuyankha, pa WhatsApp mauthenga anga mukuwerenga ndithu koma zii, ndiye mwina pagulu pano mumva. Ndine mayi uja wa ku Area 25 amene munabwera kwathu mu September pa nkhani ya siling'i yodontha kuchipinda kwa ana. Risiti yanu ndili nayo, ndipo palembedwa kuti mwakonza denga.

Dengalo ndi limene landiwawa kwambiri abwana. Tsiku loyamba lomwe ndinawauza anyamata anu kuti achimwene, uno ndi September, mvula inasiya kalekale mu April, kunja kuli fumbi lokhalokha, ndiye madzi akuchokera kuti ngati vuto ndi malata? Wamkulu wawo uja anangoseka n'kunena kuti amayi izi timazidziwa ife, ndi madzi akale amene anatsalira m'mwambamo. Madzi akale miyezi isanu, pansi pa malata otentha ngati aja? Ine sindine pulambala koma zinandivuta kumvetsa, kungoti munthu ukaitana akatswiri umadzichepetsa, ndinangoti chabwino.

Zimene anachita ndi izi. Anakwera padenga, anapaka silikoni pa misomali ina, anamata phula pa mzere umodzi wa malata cha pamwamba pa banga lija, kenako anatsika n'kuchotsa bodi yonyowayo, kuika ina yatsopano, kupenta, basi. Mu siling'imo analowamo munthu mmodzi yekha, ndipo sanalowe n'komwe, anangosuzumira pa kachitseko kaja ka mu kolido ndi tochi ya pafoni, mutu wokha m'mwamba miyendo ili pa makwerero, mphindi ziwiri osakwana. Ndinalipira K240,000 tsiku lomwelo, ndalama imene ndinasungira fizi ya teremu ino.

Patangotha masiku anayi banga lachikasu lija linabwerera pa bodi yatsopanoyo, pamalo omwe aja, pafupi ndi babu. Sabata yachiwiri penti inayamba kufufuma ngati chithuza, ndikaigunda ndi ndodo ya mopu madzi ankatuluka. Mwana wanga wamng'ono anadzuka m'bandakucha bulangeti litanyowa chakumiyendo, iye kumalira kuti amayi sindinakodze ine, ndipo ankanena zoona mwanayo. Pano chipindacho chikununkha chuku, pakona pada bii, ana ndawasamutsira pabalaza akugona pa matiresi pansi. Magetsi a mbali imeneyo ndinathimitsa pa bokosi la ma switch chifukwa madzi ndi mawaya sizigwirizana, ndimaopa kuti tsiku lina wina agwidwa ndi shoko kapena nyumba ipsa.

Ndinakuimbirani kasanu. Kawiri munati tikubwera mawa. Kamodzi munati galimoto yawonongeka. Kenako mlongo wa pa ofesi yanu anandiuza kuti ndidikire mvula iyambe mu November kuti muone bwinobwino pomwe pakuthonya, eti. Ndidikire mvula, pamene nyumba ikudontha kopanda mvula.

Amene anandithandiza ndi agogo ena oyandikana nafe, anagwirapo ntchito ya mapaipi zaka zambiri asanapume. Sanatenge ndi khobidi lomwe. Iwo sanayambe n'kukwera padenga ayi, anakhala pa mpando pakhonde n'kumandifunsa mafunso. Kumadontha nthawi yanji? Ndinati kwambiri usiku ndi m'mamawa, masana kumachepa. Kunayamba kwasiyapo? Apa ndi pamene ndinakumbukira kuti masiku awiri aja madzi anasiya kutuluka m'dera lathu siling'i inauma, mpaka ndinaganiza kuti silikoni wanu uja wagwira ntchito, koma madzi atangobwera kudontha kunayambiranso. Agogowo anangoti mwana wanga, ili si denga, ndi paipi. Anandifotokozera kuti usiku anthu ambiri akatseka mipopi mphamvu ya madzi m'mapaipi imakwera, ndiye joini yofooka imalira kwambiri nthawi imeneyo. Denga lothonya limatsata mvula, paipi yodontha imatsata madzi a ku mpopi. Mafunso awiri okha, amene anyamata anu sanafunse ngakhale limodzi.

Kenako tinapita pa mita. Tinatseka mipopi yonse m'nyumba ndi panja, ndinauza ana kuti pasapezeke wogujumula ku toilet, agogo analemba manambala a pa mita papepala, akuda aja ndi ofiira omwe, poti ofiirawo ndi amene amaonetsa madzi ochepa. Patatha maola awiri manambala ofiira anali atasuntha. Palibe amene anatunga madzi koma mita ikuyenda. Tinatseka valuvu yopita ku giza, thanki yotenthetsa madzi osamba ija, tinadikiranso, mita inaima. Pamenepo tinadziwa mbali yoti tikayang'ane.

Agogo mawondo awo salola makwerero, ndiye ndinakwera ndine, nditamanga chitenje pamwamba pa thalauzi, tochi yeniyeni m'manja, iwo ali pansi kumandiuza kuti ponda pa matabwa pokha, usaponde pa bodi ungagwe nayo. Kutentha kwake m'menemo, fumbi, ndowe za makoswe, koma ndinafika. Pamwamba pa banga lija panalibe paipi iliyonse, ndipo malata a pamenepo anali ouma kunsi kwake, opanda dzimbiri, opanda kabowo kolowetsa kuwala. Chimene ndinaona ndi thabwa limodzi lakuda ndi chinyezi pamene anzake onse ali otuwa. Ndinalitsata ndi tochi pang'onopang'ono, kudutsa pamwamba pa kolido, mpaka ku bafa komwe kuli giza, mtunda wa mamita ngati atatu. Pa elibo, joini yokhota ya paipi yolowetsa madzi ozizira mu giza, panali dontho likulendewera, ndikalipukuta ndi chala lina limabwera, pozungulira pake pali zoyera zoyanga ngati mchere, kusonyeza kuti zayamba kale. Dontholo limagwera pa thabwa, thabwalo linapendekeka pang'ono, ndiye madzi amayenda nalo mpaka kukagwera kuchipinda kwa ana. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa lake linali loonekeratu kwa aliyense amene akanalowa ndi mawondo ake m'menemo.

China chimene ndinaona n'choti pansi pa giza pali thireyi yolandira madzi, yokhala ndi kapaipi kake kotulukira panja, koma elibo yodonthayo ili kunja kwa thireyiyo, n'chifukwa chake panja sitinkaona kanthu. Ndinaikapo chigubu chodula cha malita 5 madzulo, pofika m'mawa chinali chitadutsa theka. Madzi onsewo akhala akulowa mu bodi yanu yatsopano ija usiku uliwonse, ndipo ndikuwalipiranso pa bilu.

Ndiye ndikufunseni abwana, munandilipiritsa chani? Denga linalibe vuto. Phula lija munamata pa malata abwinobwino. Bodi munaika pansi pa madzi omwe aja osatseka kochokera, pano yafufuma yayamba kulendewera pakati, ndi yotaya basi. Chimene chinkafunika ndi elibo imodzi, thread tape ndi munthu wodekha woti atsate thabwa lonyowa. Pa peji yanu pano mumalemba kuti mumapeza podontha paliponse, zithunzi zokongola mbwee, koma kwathu kunabwera anthu othamanga amene anaona banga n'kuloza kumwamba kwake. Ndipo chondiwawa china n'choti nditafunsa funso lanzeru anandiyankha ngati mwana, mwina poti ndine mzimayi, kaya.

Sindikufuna mkangano, ndikufuna zinthu zitatu ndipo mukuzidziwa kale chifukwa ndinalembanso ku WhatsApp. Ndalama ya ntchito ya padenga mundibwezere, poti sinali ntchito yofunika ndipo ndinakuchenjezani. Mutumize pulambala weniweni adzasinthe elibo ija, tidzayesere limodzi pa mita ine ndili pomwepo, tidikire masiku angapo matabwa aume. Zikatero ndiye muike bodi ina ndi penti mwa ndalama zanu, ndipo wamagetsi aone mawaya a pa babu paja ndisanayatsenso.

Pakadali pano valuvu ya giza ndi yotseka, tikusamba madzi otenthetsa pa mbaula ngati kale, ana akadali pabalaza. Zithunzi za elibo, za thabwa lija ndi za manambala a pa mita ndili nazo zonse pamodzi ndi risiti. Ndikupatsani mpaka Lachisanu. Likadutsa osandiimbira ndipita nazo ku Competition and Fair Trading Commission, kumene amalandira madandaulo a ogula. Nambala yanga muli nayo, ndi yomwe ija mwakhala mukuidula.