Usamathamangire kill -9, mwana wanga

Area 25, Lilongwe

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino. Mng'ono wako wandiuza kuti masiku ano akukusiyira seva ya kuntchito usiku, ndipo pulogalamu ikangouma umathamangira kill -9, lamulo lophera pulogalamu mokakamiza. Ndati ndikulembere, poti pafoni umandidula mawu.

Pa ma signal onse a Linux, timauthenga totumizidwa kwa process (pulogalamu imene ikuyenda), alipo awiri okha amene process singawagwire kapena kuwakana: SIGKILL ndi SIGSTOP. SIGSTOP imangoimitsa, zonse za mu memory zili pomwepo, ndipo SIGCONT ikabwera ntchito imapitirira pamene inalekera. SIGKILL, nambala 9 yako ija, imachotseratu process pamodzi ndi umboni wonse. Inde seva imadzuka, abwana amakuyamika, koma chimene chinaumitsa pulogalamu sunachione, ndipo chibweranso. Uziyamba walowa ndi gdb -p (GDB ndi debugger, chida chofufuzira m'kati mwa pulogalamu), ulembe thread apply all bt kuti uone pamene thread iliyonse, kanthambi ka ntchito ka m'pulogalamumo, yakakamira, usunge core, chithunzi cha memory yake, ndi gcore. Ukatero tumiza SIGTERM, nambala 15, kuti pulogalamu itseke mafayilo ake yokha. Ikakana m'pamene 9 igwire ntchito.

Koma usamaiwale kuti ukaimitsa process, wotchi ya ena siima. GDB ikagwira thread imodzi imaimitsa onse, ndiwo machitidwe ake ukapanda kusintha. Iwe uli phee kuwerenga ma variable, kwinaku mayi wina ku Kawale akuyang'ana foni kudikira uthenga woti ndalama zadutsa, makina a mbali inayo atopa kudikira ndipo adula kulumikizana, mwinanso atumiza pempho lomwelo kachiwiri. N'chifukwa chake pa seva imene anthu akugwiritsa ntchito uzikonzeratu malamulo ako, uwapereke ndi -batch ndi -ex, GDB itenge zofunikazo n'kutuluka. Kuganiza uzikaganizira pa core, uli ndi tiyi wako.

Poyendetsanso m'pamene ambiri amasokonezeka. Ukalemba next kuti upite pa mzere wotsatira, usaganize kuti ikuyenda ndi thread yako yokha. Enanso amamasuka, n'kusintha zinthu zimene umaziyang'ana. Set scheduler-locking on imawagwira, koma samala. Ngati thread imene waigwirayo yatenga mutex, loko wololeza thread imodzi yokha pa nthawi, yako ikafika pamenepo idikira mpaka kalekale, ngati kutsekera m'nyumba munthu amene ali ndi kiyi wa kusitolo kenako n'kumadabwa kuti sitolo sikutsegulidwa. Vuto limenelo walipanga ndi iwe, si la pulogalamu ayi. Kuyambira GDB 7.0 ya mu 2009 pali non-stop, yoimitsa thread imodzi ena akuyenda, koma uziyatsa usanalumikize GDB ku process. Ineyo sindiikonda kwenikweni, zinthu zimasuntha ndikuziwerenga.

Signal ikafika process ili m'manja mwa GDB, amayamba kuiona ndi GDB, kupatula SIGKILL. Ukalemba continue imaipereka kwa pulogalamu, kupatula zina ngati SIGINT ya Ctrl+C. Ukafuna ipitirire osailandira, lemba signal 0. SIGPIPE, signal yobwera pulogalamu ikalembera njira imene mbali inayo yatseka, ikamakuimitsa pafupipafupi, handle SIGPIPE nostop noprint pass ikupumitsa. Dziwanso kuti kill siisankha thread: kernel, mtima wa Linux, imapereka kwa iliyonse imene sinatsekereze signal imeneyo. Wofuna thread inayake amagwiritsa pthread_kill kapena tgkill.

GDB ikakana kulowa, ona ngati mnzako sanasiye strace, chida china cholondola process, chifukwa ptrace, njira imene zida ziwirizi zimalowera, imalola wolondola mmodzi basi. Ndipo usanatseke laputopu lemba detach, kenako uone ps, lamulo loonetsa mmene ma process alili. Chilembo T chikutanthauza kuti process idakaimabe ndipo ikudikira SIGCONT. T wamng'ono ndiye kuti debugger idakaigwirabe.

Amayi ako akuti Loweruka ubwere ndi laputopu yako, zithunzi za ukwati wa msuweni wako zikukana kutseguka pafoni pawo.

Ndine,
Bambo ako