Lipoti la nthumwi yathu ku msonkhano wa ku Hefsiba, ku Ulónguè

Abusa, akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano ndi akhristu nonse a kuno ku Domué, ndikupereka kwa inu zimene ndinamva ndi kuona pa msonkhano umene munandituma kuti ndikakuimirireni ku Hefsiba, sukulu ya ukachenjede ndi ya ubusa ya mpingo wathu wa Igreja Reformada em Moçambique. Msonkhanowu unasonkhanitsa nthumwi za mipingo ya Sinodi ya Mphatso, ndipo nkhani yake inali mbiri ya sukuluyi ndi ntchito imene inakhazikitsidwira.

Gawo la mbiri ndilo linatenga nthawi yaitali, ndipo m'kuona kwanga linayeneradi kutero. Tinakumbutsidwa kuti amishoni a Dutch Reformed Church a ku South Africa anayamba ntchito ku Mvera, m'dziko la Malawi, mu 1889, ndi kuti mu 1909 mbusa A.G. Murray anatsegula mishoni ya Mphatso kuno kwathu. Ntchitoyo sinakhalitse, pakuti mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka mishoniyo ndipo amishoni anachoka. Chimene ine sindinachilingalirepo n'chakuti 1922 ndi chaka chomwecho chimene Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'chilankhulo chathu, kotero kuti makolo athu analandira Baibulo pa nthawi imene anawalanda owaphunzitsa. Kuchokera pamenepo akhristu a ku Angónia ankadalira mipingo ya kutsidya kwa malire, imene pambuyo pake inakhala Sinodi ya Nkhoma.

Mkulu wina wa mpingo, wa imvi mutu wonse, anaimirira atagwira ndodo n'kufotokoza mmene mayi ake ankadzukira tambala woyamba, kumanga Baibulo m'nsalu pansi pa ufa m'dengu, n'kuyenda wapansi kudutsa malire kuti akalandire Mgonero wa Ambuye ndi kubatiza mwana. Atakhala pansi, m'chipindamo munali zii kwa kanthawi, ndipo wotsogolera msonkhano anangoyambitsa nyimbo.

Za ufulu wa 1975 ndi nkhondo imene inathamangitsira ambiri a ife ku Dedza ndi ku Ntcheu sanazitalikitse, popeza tonse tikuzidziwa. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera m'midzi yawo, ndipo mu 1994 Hefsiba inatsegulidwa kuti mpingo uziphunzitsa abusa ake m'dziko lake lomwe. Dzinali lachokera pa Yesaya 62:4, pamene Mulungu akulonjeza kuti Yerusalemu, amene ankatchedwa wosiyidwa, adzapatsidwa dzina latsopano losonyeza kuti Iye akukondwera naye. Lero sukuluyi imadziwikanso kuti Instituto Superior Cristão, ndipo kuwonjezera pa ubusa imaphunzitsa maphunziro ena a ukachenjede.

Pa mfundo yomalizayi ndi pamene nthumwi zinasiyana maganizo. Ena anadandaula kuti sukulu ya ubusa ikakula n'kukhala ya ukachenjede, ophunzira ubusa angachepe pakati pa anzawo ndipo cholinga choyamba chingazilale. Ena anayankha kuti mkhristu wogwira ntchito mu ofesi ya boma kapena m'sukulu nayenso ndi mboni, choncho kumuphunzitsa ndi ntchito ya mpingo. Ine ndinagwirizana ndi a gulu lachiwiri, koma ndinanena poyera kuti nkhawa ya oyambawo siidzatha ndi mawu, idzatha ngati mipingo ikutumizadi ana ake kukaphunzira ubusa. Kunena zoona, ife a kuno timafulumira kupempha mbusa, koma timachedwa kupereka mwana.

Tinakambirananso za chilankhulo. Maphunziro amachitika m'Chipwitikizi, ndipo m'pomveka chifukwa ophunzira amachokera m'zigawo zosiyanasiyana, pamene ife m'midzi timapemphera m'Chichewa. Pa mapemphero a m'mawa wophunzira wina anawerenga ndime m'Chipwitikizi, kenako anatseka bukulo n'kuimasulira m'Chichewa chomveka bwino, mpaka amayi amene anali kukhitchini anabwera kudzaima pakhomo. Mbusa wotero ndiye amene mipingo ya m'malire muno ikumufuna, ndipo ndinapempha kuti ophunzira azibwera kudzazolowera ntchito m'mipingo ya kumidzi pa nthawi ya tchuthi.

Nthumwi zinagwirizana kuti aliyense akafunse mpingo wake zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti pa chopereka cha masika tipatuleko chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere zothandizira mabanja a ophunzira ubusa, popeza ambiri amabwera ndi akazi ndi ana ndipo amasiya minda kwawo. Chachiwiri n'chakuti akulu a mpingo ayang'ane pakati pa achinyamata amene anamaliza kalasi 12 ngati alipo amene akuonetsa maitanidwe. Ndikupempha Abusa kuti mfundo ziwirizi zilowe pa msonkhano wa akulu a mpingo ukubwerawu, kuti yankho lathu litumizidwe tisanayambe kukolola. Ndalama zotsala pa ulendo ndazibweza kale kwa msungichuma.