Dandaulo pa airbrush yomwe yawonongeka isanathe miyezi itatu

Kwa Mkulu Woona za Makasitomala,

Bwana kapena Mayi,

Ndalemba kalatayi chifukwa ndatopa ndi mayankho a mzere umodzi amene ndakhala ndikulandira pa imelo. Miyezi itatu yapitayo ndinagula kwa inu airbrush (chida chopopera penti ndi mphepo) ya kakapu ka penti kapamwamba, ya nozzle (kabowo kotulukira penti) ya 0.3 mm, pamodzi ndi botolo la mankhwala otsukira amene wogulitsa wanu ananena kuti ndiwo oyenerana nayo. Ndimapentera tindege ndi timagalimoto tapulasitiki ndikaweruka kuntchito. Pano chidachi chili phee m'bokosi, ndipo inu mukuti chawonongeka chifukwa sindimachitsuka.

Mawu amenewo ndi amene andiwawa, choncho mundilole ndifotokoze mmene ndimachitira. Ndikatha mtundu umodzi wa penti ndimapukuta kakapu, n'kupopera madzi mpaka otuluka akhale oyera mbee. Kenako ndimatseka kutsogolo ndi chala kuti mphepo ibwerere m'kakapu ndi kutulutsa zotsalira za m'njira. Ndikamaliza ntchito ya tsikulo ndimasolola singano ya m'kati yomwe imatseka ndi kutsegula nozzle, n'kuipukuta kuchokera kumbuyo kupita kunsonga kuti isapindike. Sindinayambe ndaviikapo chida chonse m'mankhwala, chifukwa ndikudziwa kuti mu valavu ya mphepo muli timphira tosafuna zimenezo. Kompresa yanga yopopa mphepo ili ndi kosefera chinyezi, ndipo mphamvu ya mphepo sindiipitiriza 25 psi. Iyi si airbrush yanga yoyamba.

Pabokosi panu panalembedwa kuti kachotsekera kamene singano imadutsamo ndi ka PTFE, mtundu wina wa pulasitiki. Ichi ndicho chinandikopa, chifukwa PTFE siitupa ndi mankhwala amphamvu osungunulira penti monga thinner wa lacquer ngakhalenso acetone. Pokhulupirira zimenezo, ndinapopera penti wa lacquer kawiri kokha. Patangopita masiku ochepa singano inayamba kukakamira, ndikakoka kachogwirira inkabwerera mozengereza, kenako penti anayamba kudontha chakumbuyo mpaka kundidetsa chala. Nditamasula kuti ndione, ndinapeza kamphira kakuda kotupa, kofewa ngati chingamu chotafuna kale, koti ukakatsina kamatsalira m'zikhadabo. PTFE yomwe ndimaidziwa ine ndi yoyera komanso yolimba. Ndiye mundiuze, analakwitsa ndani, wolemba pabokosi kapena woika kamphirako? Ine ayi.

Chachiwiri ndi mankhwala anu otsukira aja. Pabotolo sipanalembedwe zimene zili m'katimo, koma ukangotsegula fungo la amoniya limakulasa m'mphuno. Amoniya amadya mkuwa, ndipo thupi la airbrush ndi mkuwa wongokutidwa ndi kachitsulo konyezimira kopyapyala. Pansi pa kakapu kanga kuwala kuja kunatha, patsala chikasu cha mkuwa chokhakhala, ndipo penti akumakanirira pomwepo. Tizidutswa touma tikamasuka timakatseka nozzle, mphepo n'kumabwerera, m'kakapu n'kumachita thovu ngati ndikuwiritsa madzi. Kandege kamodzi komwe ndinakatayira masabata awiri kanathera madontho phiko lonse, ndinachita kukapalanso.

Chondiseketsa, ngakhale si nkhani yoseketsa, n'chakuti wantchito wanu atawerenga zonsezi anandilangiza kuti ndiviike airbrush yonse usiku wathunthu m'mankhwala omwewo. Ndikanamvera, bwenzi pano ndikudandaulanso za valavu. Zikuoneka kuti amene amayankha makalata kwanuko sanagwirepo chidachi ndi manja, ndipo ndi bwino muwaphunzitse asanawonongetse zida za anthu ena amene angoyamba kumene.

Nditapempha kuti mungondigulitsa kachotsekera ka PTFE ndi kakapu kena, munati simusunga zipangizo zosinthira, ndigule airbrush ina. Chida chimene singano yake imapindika ikangogunda pathebulo, mungachigulitse bwanji opanda zosinthira zake?

Pempho langa ndi ili. Mundisinthire airbrush imeneyi ndi ina yokhala ndi PTFE yeniyeni monga mwa lonjezo la pabokosi, apo ayi mundibwezere ndalama zanga zonse, kuphatikizapo za botolo lija. Ndikupemphanso kuti mulembe pabotolo kuti muli amoniya, kapena musiye kuligulitsa limodzi ndi zida zamkuwa. Waranti yanu ndi ya chaka chimodzi ndipo ikadali ndi moyo.

Ndaphatikiza risiti, chithunzi cha bokosi pamene palembedwa za PTFE, ndi zithunzi zitatu za kamphira kotupa ndi kakapu kosupuka. Kamphirako ndakasunga m'kabotolo, mukafuna kukaona ndi maso ndikutumizirani. Ndidikira yankho lolembedwa pasanathe masiku 14, ndipo lichokere kwa munthu amene wawerenga kalatayi mpaka pano.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa.