Dandaulo pa kutsekedwa kwa akaunti yanga ndi kalata imene munatumizira kasitomala wanga

Mangochi Boma

Kwa Mkulu Woona za Makasitomala ndi Malaisensi,

Bwana,

Ndili ndi shopu yaing'ono pano pa Mangochi Boma. Timasindikiza zikwangwani, makalendala, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, komanso timadinda masikipa. Zojambula ndi mitundu ya zilembo zimene ndimagwiritsa ntchito ndimagula pamsika wanu wa pa intaneti. Ndikulemba chifukwa mwanditsekera akaunti, ndipo kasitomala wanga mwamutumizira kalata yomuimba mlandu wogwiritsa ntchito chojambula chanu popanda chilolezo, chonsecho ndinachilipira pa mlingo woyenera wa laisensi (chilolezo chochigwiritsa ntchito).

Eni malo ena ogona alendo ku Cape Maclear anandipatsa oda ya masikipa oti azigulitsa kwa alendo awo. Ankafuna chojambula cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija timene alendo amakaonera m'miyala ya pa chilumba cha Thumbi. Malamulo anu ndimawadziwa. Laisensi ya Standard, monga zilili m'misika ina ikuluikulu ya zithunzi, imalola kusindikiza mpaka makope 500,000 a zotsatsira malonda monga timapepala ndi mapositala, koma siilola kudinda chithunzi pa katundu amene munthu akumugula chifukwa cha chithunzicho, kaya ndi sikipa, kapu kapena positikhadi. Pamenepo pamafunika ya Extended. Ndinagula ya Extended, ndipo pomalizitsa oda ndinalemba dzina la kasitomalayo pamalo amene fomu yanu imafunsa amene ntchitoyo ikupangidwira.

Masikipa atafika, eni malowo anawajambula n'kuwaika patsamba lawo la Facebook. Makina anu ofufuza zithunzi anachipeza chojambulacho. Mmalo moti wina atsegule kaye mabuku anu aone ngati chinagulidwa, kalata inalunjika kwa iwo, yachingerezi cha maloya, yofuna chindapusa cha madola choposa kutali mtengo wa laisensi yeniyeniyo. Mayi amene amayang'anira malowo anandiimbira mawu akunjenjemera, kufunsa ngati ndawagulitsa katundu wakuba. Masikipa anawachotsa pashelefu nthawi yomweyo, ndipo mpaka lero ali m'katoni, nyengo imene alendo amachuluka kunyanja ikupita.

Ndinawatsimikizira kuti satifiketi ya laisensi ilipo, ndiwatumizira. Pofuna kulowa mu akaunti kuti ndiitenge ndinapeza kotseka, pali uthenga woti mukufufuza ngati ndikutsata mlingo wa laisensi yanga. Umboni umene mukundifunsa mwautsekera nokha m'kabati, kiyi n'kuika m'thumba mwanu. Imelo ya risiti ndili nayo ndipo ndinaitumiza kwa inu, koma mayankho amene ndimalandira ndi amodzimodzi, olembedwa kale, ondiuza kuti ndilowe mu akaunti ndikatenge satifiketi.

Mu uthengawo mwatchula zinthu ziwiri zimene mukuzikayikira: dzina la pa khadi yolipirira likusiyana ndi la pa akaunti, ndiponso akauntiyo ikumalowedwa pa zipangizo zingapo kuchokera m'malo osiyanasiyana, pamene laisensi yanga ndi ya munthu mmodzi. Apa ndi pamene ndikuona kuti amene anakonza ndondomekoyi sankaganiza za wogula wa kuno. Msika wanu sulandira Airtel Money kapena Mpamba, zimene ife timalipirira pafupifupi chilichonse. Mumafuna khadi ya Visa kapena Mastercard yotha kulipira madola, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno kwa zaka tsopano. Ndinalipira ndi khadi ya alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ine n'kupereka makwacha kwa akazi awo kuno. Palibe mzere m'malamulo anu umene ukuletsa zimenezi. Za zipangizozo, ndi kompyuta ya pashopu, laputopu ndi foni yanga, zonse m'manja mwa munthu mmodzi. Magetsi akathima ndimasamukira pa laputopu. Netiweki ina ikavuta ndimasintha simu. Ndikapita kukaonetsa kasitomala zitsanzo ku Monkey Bay kapena ku Namwera, ndimatsegula pa foni. Makina anu akawerenga zimenezi amaona gulu la anthu ogawana akaunti.

Ine sindikutsutsana ndi kusiyanitsa milingo ya malaisensi. Nanenso ndimajambula, ndipo ndinaonapo chizindikiro chimene ndinakonzera timu ina ya mpira chitadindidwa pa masikipa a pamsika popanda wondifunsa. Zimawawa. Kuno kwathu tili ndi lamulo la Copyright Act la 2016 komanso bungwe la COSOMA loteteza ufulu wa eni luso, ndiye nkhani yoti mwini luso alipidwe si yachilendo kwa ife. Amene anajambula mbuna uja ayenera kudya thukuta lake, n'chifukwa chake ndinatulutsa ndalama ya Extended ngakhale inali yolemera. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse imene timakulipirani imachoka pa phindu lochepa kale, ndipo sungakweze mtengo wa sikipa mwachisawawa chifukwa ogula athawa.

Chimene chikundipweteka n'chakuti chikwapu chanu chikugwera amene analembetsa. M'tauni muno muli anthu ambiri amene amangokopera chithunzi pa Google, kufufuta chidindo chanu ndi kudinda. Amenewo alibe akaunti yoti muitseke. Ine amene ndinakupatsani dzina, imelo ndi ndalama ndi amene ndachita manyazi pamaso pa kasitomala, ndipo m'mbali mwa nyanja muno eni malo ogona alendo amadziwana onse. Mbiri yoti shopu yakuti imadinda zakuba ikangowanda kuchokera ku Chembe mpaka ku Nkopola, palibe risiti imene ingaifafanize.

Ndikupempha kuti munthu weniweni, osati makina, aone nambala ya risiti imene ndaphatikiza ndi kalatayi, aifananize ndi chojambulacho, kenako anditsegulire akaunti pamodzi ndi zonse zimene ndinagula kale, poti ntchito za makasitomala ena zaimanso. Koposa zonse, mulembere kasitomala wanga kalata yothetsa chindapusacho ndi kunena poyera kuti masikipawo ali ndi laisensi yoyenera. Mawu anga okha sakukwanira, chifukwa amene anawaopseza ndi inu. Ndipo mtsogolo muno, makina anu akapeza chithunzi, yambani mwafunsa wogula, mumupatse nthawi yoonetsa umboni akaunti ili chitsegukire. Ngati simufuna khadi ya munthu wina, lembani zimenezo pamene tikulipira, musanalandire ndalama.

Ngati zimenezi sizitheka, mundibwezere ndalama ya laisensi ya Extended pa khadi imene inalipira, ndipo mundiuze kuti ndani alipire masikipa amene ali m'katoni ku Cape Maclear.

Ine kasitomala wanu,
Mwini shopu yosindikiza ndi kudinda masikipa,
Mangochi Boma