Ana asukulu ochokera kunja tisamawasiye okha m'mabodingi

A Mkonzi,

Ndine mayi wa ku Kapata kuno ku Chipata. Kuseli kwa nyumba yanga ndili ndi tizipinda tinayi momwe ndimasungamo ana a ku koleji ndi ku yunivesite, ija timati bodingi, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Ambiri ndi akonkuno, a ku Lundazi, Petauke, Katete, koma pafupifupi chaka chilichonse pamapezeka mmodzi kapena awiri akunja, makamaka a ku Malawi, ena a ku Congo, kamodzi ndinasungapo mnyamata wa ku Tete. Ndalemba chifukwa cha ana amenewa, mtima wanga ukundiwawa ndi mmene timawasiyira okha.

Pa Khirisimasi ya 2024, chaka chija malaiti amachita kusowa tsiku lonse chifukwa madzi anachepa ku Kariba, ana onse anapita kwao kutsala mtsikana mmodzi wa ku Lubumbashi amene amaphunzira unesi. Kuti afike kwao afunika basi ya ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500, akwerenso ina ya ku Copperbelt mpaka pa Kasumbalesa, ndiye ndalama yopita ndi kubwera inalibe. Usiku wa pa 25 ndikutseka geti ndinaona kakuwala pawindo lake, kugogoda ndinamupeza ali khale pa matiresi, tochi ya foni ataiimika pa kapu, pambali pali buledi theka ndi tiyi wozizira. Mbaula yosayatsa, malasha alipo koma akuti kuphika wekha tsiku ngati limeneli chakudya sichilowa. Ndinamugwira dzanja kupita naye kunyumba, mpunga ndi nkhuku zinali zikadalipo. Akudya ndi pamene anandiuza, mosakaniza Chingerezi, Chiswahili ndi ka Chinyanja kake kochepa, kuti miyezi 8 chibwerereni palibe mnzake olo mmodzi amene anamutengapo kunyumba kwao. Misozi inandilengeza, chifukwa nanenso ndinali mmodzi wa anthu osamuitanawo.

Ku sukulu akafika amawauza kolipira mafizi, komwe kuli laibulale, ndi zoti akakonze study permit ku Immigration, basi zathera pomwepo. Zoti Loweruka masana mwana ameneyu akhala ndi ndani, apemphera kuti, akadwala usiku aimbira ndani, palibe amene amazifunsa. Pomwe moyo wa mwana wa sukulu suthera m'kalasi, umakhalanso ku mpira, ku kwaya, pa mbale ya nsima imene anayi apisamo limodzi, pa nkhani za usiku malaiti atapita.

Ena anena kuti a ku Malawi alibe vuto, chilankhulo ndi chimodzi, boda ya Mwami ili pafupi ndipo kuyambira 2022 onse a mbali ziwiri amadindira pamalo amodzi. Zoona, koma ine ndaona zina. Mwana akati makala anzake aseka, ati kuno ndi malasha, akati panopa aseka, ati nena manje, dzina lake lenileni limachita kuiwalika nkumangoti Mmalawi uja. Kamodzi kawiri ndi nthabwala, koma tsiku ndi tsiku mwana amayamba kukhala chete. Ndiye mu Novembala 2023 kwacha ya ku Malawi itagwetsedwa ndi 44 peresenti, mnyamata wanga wina wa ku Kasungu ndalama imene makolo ake amatumiza akaisintha imangokwana renti ndi ka ufa. Anasiya kupita kokaonera mpira ndi anzake, akamasonkha za bethide ya mnzawo iye amanamizira kuwerenga, ndiwo yake inali soya sabata yathunthu. Anzake nkumati ndi wamatama safuna kucheza ndi anthu, osadziwa kuti ndi manyazi chabe. Zocheza za ana a masiku ano zonse zimafuna ndalama, mabandulo, kusonkha, zakumwa, wopanda ndalama amangodzitsekera.

Kwa atsikana kukhala okhaku nkoopsa kwambiri. Lachisanu madzulo timawaona azibambo a magalimoto akuimika pafupi ndi mageti a mabodingi, ndipo amadziwa bwino kuti mwana amene alibe amalume kapena azakhali m'tauni muno ndiye wosavuta kumunyengerera.

Chimene chinanditsegula maso ndi Kulamba. Mu Ogasiti wotsatira Khirisimasi ija ndinatenga atatu, wa ku Lubumbashi uja, wa ku Malawi mmodzi ndi mtsikana wa ku Petauke, tinakwera minibasi m'mamawa kupita ku Mkaika ku Katete. Kumeneko mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera onse kwa Kalonga Gawa Undi, ndiye mwana wa ku Malawi uja atangomva akuitana mafumu a kwao nkhope inasintha, tsiku lonse iye ndiye amatifotokozera ife zinthu, palibe amene anamuseka mawu ake. Wa ku Congo poyamba anabisala kumbuyo kwanga Gule Wamkulu atalowa m'bwalo fumbi lili koboo, koma posakhalitsa anali kutsogolo ndi foni akujambula kuti atumizire amayi ake. Pobwerera amagawana chinangwa chowotcha ndi kuphunzitsana nyimbo. Holide yotsatira wa ku Petauke anamutenga mnzake wa ku Congo uja kumudzi, anabwerako ndi thumba la nshawa, akupereka moni m'Chinsenga. Zonsezi zinatheka ndi ndalama ya minibasi chabe.

Ndiye ndikupempha akuluakulu a makoleji ndi mayunivesite athu, komanso ana a m'mayuniyoni amene amadziwa kukuwa nthawi ya masankho awo, sukulu isanatseke lembani maina a amene akutsala, muwapezere mabanja oti azikadyako olo Lamlungu lokha. Mu Febuluwale kuli Nc'wala pa Mtenguleni pompano, Nkosi yama Nkosi Mpezeni akulawa zakumunda zoyamba, anthu amachokera ku Lusaka kudzaona pomwe mwana amene wakhala m'Chipata zaka zitatu abwerera kwao osapondako, basi imodzi ya sukulu ingalephere? Matchalitchi ndi mizikiti, muli ndi magulu a achinyamata, pitani m'mabodingi mukawafunse anawa. Ndipo inu makolo, mwana wanu akamabwera ku holide mufunseni ngati m'kalasi mwake mulibe mnzake wosowa kopita. Tisaiwale kuti athunso ali ku Russia, China, India ndi Morocco, tikamawaimbira foni chimene timafunsa choyamba ndi chakuti wadya, uli ndi ndani.

Disembala uno kwanga kutsala awiri, ndawauza kale kuti mbaula yawo asayatse, tizidya pamodzi. Anzanga ena a mabodingi ku Kalongwezi ndi ku Moth akuti nawonso ali ndi otsala, tagwirizana kuti pa 25 tidzawasonkhanitse onse pakhomo panga, aliyense adzaphike ndiwo ya kwao.

Mayi wa bodingi,
Kapata, Chipata