Makolo auzidwe zonse asanalole kuti katemera ayesedwe pa ana awo

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani yoyesa akatemera atsopano a chibayo pa makanda, popeza ndinagwira ntchito ya unamwino kwa zaka zambiri kuno ku Chipata, ndipo mpaka lero sindiiwala mmene khanda limaonekera likamabanika, nthiti zikulowa m'kati, mayi ake atasowa mtengo wogwira.

Kachilombo ka pneumococcus, kamene kamayambitsa chibayo, matenda oumitsa khosi ndi mafinya m'khutu, kali ndi mitundu yoposa 90. Katemera amene dziko lathu la Zambia linayamba kupereka m'chaka cha 2013, wobaya pantchafu ku sikelo mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14, anali woteteza ku mitundu 10 yokha, pamene wa anzathu a ku Malawi, amene anayamba mu 2011, anali wa mitundu 13. Mitundu yotsalayo sigona ayi, chifukwa ina ikachepa, inzake imapeza malo m'mphuno ndi kukhosi kwa ana. Choncho ine ndikuti kafukufukuyu apitirire. Ifenso tinapindula ndi makolo a ku Gambia amene analola kuti ana awo alowe m'kafukufuku wotere, yemwe zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2005, zinaonetsa kuti imfa za ana zinatsika ndi 16 pa 100 iliyonse.

Koma mtima wanga uli pa mayi wa kumudzi amene adzapemphedwa kudinda chala povomereza kuti mwana wake alowe m'kafukufuku. Mayiyo ayenera kuuzidwa m'Chinyanja chomveka, modekha, kuti katemerayo akadali poyesedwa, kuti mwana akhoza kutentha thupi kapena kutupa pobayidwapo, ndiponso kuti akakana kapena kusintha maganizo pakati pa njira, mwana wake adzalandirabe chithandizo monga kale. Makamaka afotokozeredwe za timagazi timene amatenga pofuna kuona ngati thupi lapanga chitetezo: tikupita kuti, ndipo tidzasungidwa kufikira liti? Pamene palibe yankho lomveka m'pamene pamamera mphekesera za opopa magazi, ndipo zikatero amayi amathawa ngakhale sikelo ya masiku onse.

Ndikupempha a National Health Research Authority, bungwe loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo, ndi a ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, kuti, kafukufuku wotere akadzafika kuno kum'mawa, adzaonetsetse kuti mafumu ndi nyakwawa adziwitsidwa ntchito isanayambe, ndipo kuti akamaliza, ofufuzawo adzabwerere m'midzi momwemo kukauza makolo zimene apeza.

Ine wanu,
Namwino wopuma pantchito,
Chipata